Mphaka wa Persian kapena wa Siamese: woyenera pakhomo panu ndi uti?

Mphaka wa mtundu wa Persian ndi wofatsa ndipo amakonda kugona malo amodzi nthawi yaitali, choncho amayenera nyumba yabata, monga ya anthu achikulire. Koma ubweya wake ndi wautali kwambiri moti umafunika kupesedwa tsiku lililonse, apo ayi umapotana n'kupanga mfundo zimene zimamukoka khungu. Nkhope yake yophwatalala imachititsa kuti azipuma movutikira komanso kuti maso ake azingotuluka misozi, ndipo ena amabadwa ndi matenda a impso ochokera kwa makolo awo. Kumadera otentha ngati Nsanje ndi Chikwawa, ine sindingalangize munthu kuti awete mphaka wotereyu.

Wa Siamese, amene kwawo ndi ku Thailand, ali ndi maso abuluu ndi ubweya waufupi wosavuta kusamalira. Vuto lake ndi lakuti safuna kusiyidwa yekha: amalira mokweza, amalondola mwini wake kulikonse, ndipo akasungulumwa amayamba kuwononga katundu. Banja la ana, kumene pakhomo sipasowa munthu, lingasangalale naye, koma munthu wochoka m'mawa n'kubwera usiku adzangodana ndi oyandikana nawo chifukwa cha phokoso.