Akasinja a m'bokosi, a pepala kapena odzipangira: ndalama zanu muponye pati?

Chiikireni chithunzi cha kasinja wanga wamng'ono wochita kulumikiza ndekha pa status sabata yatha ija foni sikupuma, aliyense funso ndi lomwelo, "akulu mwagula kuti, ndi zingati, ine ndiyambe ndi iti?" Wina mpaka kundiimitsa mumsika pa boma pano ndili ndi jumbo ya tomato m'manja. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi, aliyense adziwerengere yekha. Njira zomwe ndayesapo ine kuno ku Mchinji ndi zinayi: kiti (bokosi la tizidutswa tolumikiza wekha) ya pulasitiki ya kampani yodziwika, kiti yotchipa ya pa intaneti yopanda dzina, ya pepala yochita kupulinta, ndi kungodzipangira wekha ndi thabwa ndi mawaya.

Ndiyambe ndi yomwe inandiliza kuti mtima ukhale pansi.

Ndinaona sitima yankhondo ya Bismarck pa intaneti, sikelo 1/350 (ndiye kuti yochepetsedwa ka 350), mtengo wake wotsika moti munthu wanzeru akanayamba kaye wadzifunsa. Ine ayi, ndinangoona chithunzi cha pabokosi sitima ikulavula moto panyanja, basi ndalama zapita. Sitima yeniyeniyo inali ya mamita 251, ndiye mukagawa ndi 350 mukupeza chinthu cha masentimita pafupifupi 72, ndipo apa ndi pomwe panagona nkhani koma ine sindinaganizeko. Otumiza katundu pandege sangoyang'ana kulemera kokha, amayezanso kukula kwa bokosi, ndiye pulasitiki yopepuka ngati chigubu chopanda madzi imalipiridwa ngati mwatumiza miyala. Patatha miyezi iwiri ndi kuposera foni inalira kuti katundu wanu wafika ku Lilongwe, bwerani ndi ndalama yotumizira yotsala komanso msonkho. Nditaphatikiza zonse, kuonjezapo thiransipoti ya makilomita oposa 100 kupita ndi enanso kubwera, ndalama ya pamwambayi inaposa mtengo wa sitimayo kutalitali. Mu minibasi pobwera bokosi ndinalinyamula pamiyendo ngati mwana wodwala, kondakitala akufuna ndilipirirenso mpando.

Kufika kunyumba kutsegula, mxii. Thupi la sitima limabwera zigawo ziwiri zoti uziphatikize, koma chimodzi chinali chopindika ngati nthochi, ukagwirizanitsa kutsogolo kumbuyo kukuyasama, ukagwira kumbuyo kutsogolo kukuyasama. Pepala la malangizo linali ngati fotokope ya fotokope, manambala ena osawerengeka. Tizidutswa tambiri tinali ndi nyenyeswa za pulasitiki m'mbali moti kamfuti kakang'ono sumadziwa kuti kathera pati, nyenyeswa zayambira pati. Masitika ake, omwe umaviika m'madzi usanamate, nditangowaviika anangoti balala ngati mazira ophwanyira mu chiwaya.

Koma chomwe chinandipweteka kwenikweni ndi ichi, ndipo chimveni bwino chifukwa palibe amakuuzani: m'bokosi mulibe guluu, mulibe penti. Ine ndinathamangira pa okala kukagula supa guluu uja timamatira masilipasi. Supa guluu amagwira inde, koma amauma msanga usanayike chinthu pamalo pake, amasiya chiutsi choyera pa pulasitiki, ndipo kanthu kakagundidwa pang'ono kamangothothoka. Zala ziwiri zinamatana mpaka mayi akunyumba anachita kundithira madzi ofunda akuseka, amvekere "bambo, ndalama ya feteleza ija ndi imeneyi eti?" Guluu weniweni wa makiti amagwira ntchito mwa njira ina, amasungunula pang'ono pulasitiki mbali zonse ziwiri n'kukhala chinthu chimodzi ngati mmene owotcherera amachitira ndi zitsulo. Nditati ndiitanitse pa intaneti, ogulitsa anakana, akuti guluu ameneyu ndi penti ya mafuta zimayaka moto ndiye sizikwera ndege mwachisawawa. Bismarck yeniyeni inamira pa 27 Meyi 1941, yanga inamira pansi pa bedi ndipo ikadali konko.

Tsopano za makampani odziwika. Ine ndine wa Tamiya, sindibisa, ndipo amene akufuna kukangana nane abwere ndi kasinja wake m'manja. Woyamba anandibweretsera alamu anga pochokera ku Joni pabasi, kasinja wa Ajeremani Tiger I wa 1/35, pamodzi ndi kabotolo ka guluu wa Tamiya Extra Thin, kaja ka chivindikiro chobiriwira kokhala ndi kabulashi mkati, ndi timabotolo ta penti tinayi. Pamsewu zinthu izi zimayenda mu chikwama bwinobwino. Abale, kusiyana kwake! Ukadula kachidutswa ndi nelikata, kupalapala pang'ono ndi sandipepa, kukayika pamalo pake kamangoti khatha, kudontheza guluu kumangotsatira mzere wokha. Sindinatukwane ngakhale kamodzi, kupatula pa mawilo, poti Tiger ali ndi mawilo olowanalowana ambirimbiri ndipo lililonse umapenta palokha. Atatha anatalika masentimita cha m'ma 24 kuwerengera ndi mfuti yomwe. Kampaniyi ndi ya ku Shizuoka ku Japan, inayamba mu 1946 ngati yocheka matabwa, ndipo sikelo ya 1/35 inatchuka chifukwa cha iwowa, kasinja wawo wa Panther wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anamupanga kukula koti mabatire akwanemo, atayeza anapeza kuti ndi 1/35, zinangokhazikika choncho. Vuto lake ndi limodzi, mtengo. Ndi wowawa ndithu, koma umawawa kamodzi.

Airfix ya ku England ndimaipatsa ulemu pa chinthu chimodzi chomwe kwa ife a kuno ndi chachikulu: ali ndi ma Starter Set omwe m'bokosi momwemo mumakhala penti, guluu ndi bulashi. Kwa munthu woti sitolo ya zinthu izi ili kutsidya kwa malire awiri, zimenezo si zocheza. Akasinja awo ang'onoang'ono a 1/72 ndi 1/76 amakwana m'dzanja, Tiger yemweyo amangokhala masentimita 11 kapena 12, bokosi lake limalowa mu chikwama cha m'manja ndiye wokunyamulirani sadandaula. Chenjerani chabe ndi omwe alembedwa Vintage Classics, amenewo zikombole zake ndi zakale, zina za m'ma 1960, amafuna munthu wodekha wodziwa kupala. Paja kiti yawo yoyamba mu 1949 sinali ya nkhondo n'komwe, inali thalakitala ya Ferguson, ndiye alimi a ku Kamwendo musadzione ngati alendo. Revell, Italeri, Academy ndi Trumpeter ziliponso, mukazipeza pamtengo wabwino tengani, ine ndilibe nazo mlandu.

Za pepala ndi zomwe ndimauza aliyense amene thumba lili lopyapyala. Ku Poland anthu amazikonda kwambiri izi, ndipo mapulani aulere alipo ambiri. Umakapulintitsa pa boma pomwepa pa pepala lolimba ngati la masatifiketi, kenako lezala, rula yachitsulo ndi guluu woyera wa akalipentala, basi. Sitima zimatuluka bwino kuposa akasinja chifukwa mbali zake zambiri ndi zowongoka, koma mawilo ndi matcheni a kasinja pa pepala ndi chilango. Mdani wake ndi dzinja. Mvula ikangokhazikika mu Januwale pepala limayamwa chinyezi, sitima yanga ina inagwa mlongoti yokha usiku, ndipo mphemvu zimakonda guluu woyera ngati shuga. Thirani vanishi mukangomaliza, musadikire.

Kudzipangira wekha ndiye kwathu kwenikweni, tonse tinakula tikupinda magalimoto a mawaya. Ndinabwererako chifukwa cha Guendolen, sitima ya Angelezi ya pa nyanja ya Malawi, yomwe mu Ogasiti 1914 inapita ndi Captain Rhoades kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhafen, komwe lero ndi ku Liuli mbali ya Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Mfuti ya Guendolen ili ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi, ndinakaiona ndi maso. Ndinasakasaka kiti yake miyezi osaipeza, ndiye ndinapempha chidutswa cha paini kwa kalipentala wa kuseri kwathu, kusema thupi ndi mpeni ndikuyang'ana zithunzi zakale, chumuni kuchokera ku chubu cha maka yakutha, milongoti masipoko a njinga, zingwe ulusi wa atelala wopaka phula la kandulo kuti usachite ubweya. Sinalondole sikelo, ndikudziwa, ndipo inandidyera miyezi itatu, koma alendo akalowa m'nyumba amadutsa Tiger uja n'kukaima pa imeneyi.

Poika pake pandivutitsanso. Fumbi la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa silisankha, limalowa paliponse, ndipo kasinja sungamupukute ndi nsanza, tinthu timathyoka, umachita kumusesa ndi bulashi yofewa. Pawindo musayike, dzuwa la Okutobala pansi pa malata limapinda mpope wa mfuti ndi kufwifwitsa penti. Malo abwino ndi mu disipulei ya magalasi ya pabalaza, ndipo kuti ndipatsidwe shelefu imodzi munali nkhondo ina, makapu a ukwati anachita kusamutsidwa mwamwambo. Chabwino chake fumbi lomwelo ndi laulere: katondo wosefa bwino, kusakaniza ndi guluu woyera ndi madzi pang'ono, kupaka m'matcheni ndi pansi pa kasinja, amaoneka ngati wangotuluka m'munda wa ku Mkanda, pomwe anzathu kunja matope amenewa amachita kugula m'botolo.

Ndiye amene mukufunsa kuti ndiyambe ndi iti: ngati muli ndi m'bale wobwera pamsewu kuchokera ku Joni, mutumeni Starter Set ya Airfix muphunzirire manja, ikakukomerani sungani ndalama ya Tamiya imodzi ndi guluu wake, osati makiti atatu otchipa. Ngati mulibe wotuma, pepala. Sitima yoyamba isakhale 1/350, tengani 1/700, Bismarck yomweyo imangokhala masentimita 36 ndipo imakwana pa shelefu popanda kusamutsa mbale za eni ake. Zopanda dzina za pa intaneti zija ine ndinalapa. Amene akufunabe kuyesa abwere madzulo, ndimutulutsire yanga pansi pa bedi, koma supa guluu abwere naye yekha.