Jakisoni, ulusi kapena mpeni: kuyerekeza njira zokonzera nkhope ndi thupi

Ambiri mwa ife tikayamba kuganiza zokonzetsa maonekedwe athu timafunsa kuti njira yabwino koposa ndi iti, ndipo timaona ngati njirazi zandandalikidwa pamzere umodzi, kuyambira jakisoni mpaka opaleshoni, ngati kuti jakisoni ndi kaopaleshoni kakang'ono chabe. Apa ndi pomwe anthu amasocherera. Nkhope imakalamba m'njira zitatu zosiyana: minofu imapinda khungu pamalo amodzimodzi kwa zaka zambiri mpaka mzere utakhazikika, mafuta a m'masaya ndi a m'mbali mwa maso amaphwa, ndipo zomwe zimagwira khungu kunsi zimalefuka n'kulisiya likulendewera. Njira iliyonse ili ndi vuto lake limene imalitha, ndipo ikaperekedwa pa vuto la inzake, munthu amalipira, amapirira ululu, koma galasi limamuonetsa nkhope yomwe ija.

Imani pagalasi, kwinyani nkhope ngati mwakwiya, kenako muimasule. Mizere imene yatuluka pakati pa nsidze ndi pachipumi n'kuzimiririka mutamasula ndi ya minofu, ndipo mankhwala ake ndi Botox kapena anzake a mtundu umenewo. Amachokera ku poizoni wa bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, ndipo amatseka uthenga wochoka ku mtsempha kupita ku mnofu, moti mnofuwo umaleka kukoka khungu. Poyamba ankathandiza odwala maso, mpaka mu 1987 pamene dokotala wa maso wa ku Vancouver, Jean Carruthers, anaona kuti odwala ake omwe ankawabaya chifukwa cha zikope zophethira zokha ankasalalanso pakati pa nsidze. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza kuwagwiritsa ntchito pa makwinya mu 2002. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita masiku atatu kapena asanu, kumakwanira pa sabata ziwiri, ndipo kumatha pakadutsa miyezi itatu kapena inayi. Ngozi yake yodziwika ndi chikope kugwa mankhwala akasefukira pamnofu wosayenera, koma zimenezi zimatha zokha pakapita masabata.

Ma filler amaperekedwanso ndi jakisoni, n'chifukwa chake anthu amawasokoneza ndi Botox, komatu ntchito yawo ndi ina kotheratu: sakhudza mnofu, amangodzaza pamene paphwa. Ambiri, monga Restylane ndi Juvéderm, amapangidwa ndi hyaluronic acid, chinthu chomwe chimapezeka kale m'khungu lathu ndipo chimasunga madzi. Amakhala miyezi 6 mpaka 18 malinga ndi mtundu wake komanso malo omwe abayidwa. Ubwino wawo waukulu ndi wakuti angasungunulidwe ndi mankhwala otchedwa hyaluronidase ngati zotsatira zake sizinakusangalatseni, zomwe sizitheka ndi njira ina iliyonse imene ndikambe pano. Komabe, pa majakisoni awiriwa, amene ndimawaopa kwambiri ndi ma filler, chifukwa singano ikalowa mu mtsempha wa magazi, mankhwala amautseka, khungu la pamalopo limatuwa n'kuyamba kufa, ndipo nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, munthu amasiya kuona ngati zachitikira pamphuno kapena pakati pa nsidze. Wobaya amene alibe hyaluronidase pafupi sayenera kukugwirani kunkhope.

Tsopano gonani chagada, galasi mulinyamule pamwamba panu. Ngati nkhope imene mukuifuna yabwerera mutagona, masaya akwera, mzere wa nsagwada waoneka ndipo khosi lasalala, ndiye kuti vuto lanu ndi kulendewera, ndipo palibe jakisoni amene angalithe. Amene amaumirira ma filler pa vuto ili ndiwo amatsala ndi nkhope yofufuma, yolemera kunsi, yosakalamba koma yosaonekanso ngati yawo. Apa mpikisano weniweni uli pakati pa ulusi ndi opaleshoni yonyamula nkhope yotchedwa facelift.

Za ulusi sindikhalitsapo. Dokotala amalowetsa pansi pa khungu ulusi wokhala ndi timinga, nthawi zambiri wa mtundu wosungunuka m'thupi wotchedwa PDO, n'kuukoka kuti unyamule masaya. Munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo wopanda chipsera chooneka, koma ulusiwo umasungunuka pakapita miyezi pafupifupi 6, kunyamulako kumakhala kochepa, ndipo kwa ambiri chaka chisanathe nkhope imakhala itabwerera mwakale. Ungathandize munthu amene khungu langoyamba kumene kulefuka. Kwa amene khosi lalendewera kale, ndikuona kuti n'kutaya nthawi.

Facelift ndi nkhani ina. Mpeni umayambira m'tsitsi pamwamba pa khutu, umatsika kutsogolo kwa khutu, umazungulira kunsi kwake n'kukathera kumbuyo. Madokotala akale ankangokoka khungu lokha, n'chifukwa chake nkhope zinkatuluka zokungika ngati ng'oma, pakamwa patatambasukira m'mbali, ndipo posakhalitsa khungulo linkatamukanso. Zinthu zinasintha Mitz ndi Peyronie atafotokoza mu 1976 za kachikuto kolimba ka minofu komwe kali pansi pa khungu, kotchedwa SMAS, ndipo lero ndi kameneka komwe kamanyamulidwa, khungu n'kungoyalidwa pamwamba popanda kulikunga. Mu 1990 Sam Hamra anafotokoza njira ya deep plane, imene imalowa pansi pa SMAS n'kumasula zomangira zake kuti tsaya lonse likwere pamodzi. Njira yachiwiriyi yatchuka kwambiri masiku ano ndipo imanyamula bwino pakati pa nkhope, koma imadutsa pafupi ndi mtsempha woyendetsa minofu ya kunkhope, kotero luso la amene wagwira mpeni n'lofunika kuposa dzina la njirayo. Zotsatira zimakhala zaka pafupifupi 10, kutupa ndi mikwingwirima zimatenga sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo vuto lofala kwambiri ndi magazi kuunjikana pansi pa khungu m'maola oyambirira, makamaka kwa amuna ndi kwa omwe magazi awo amathamanga. Wosuta fodya amauzidwa kusiya kwa sabata zosachepera zinayi opaleshoni isanachitike komanso itachitika, popeza khungu lomwe lasendedwa limadalira timitsempha ting'onoting'ono, tomwe fodya amatifinya.

Pali chinthu chimodzi chomwe zithunzi zotsatsa malonda sizinena, chokhudza ife a khungu lakuda. Laser ya CO2, yomwe ndi kuwala kowotcha khungu la pamwamba, ndi mankhwala amphamvu osupula khungu zimachotsa makwinya ang'onoang'ono ozungulira milomo, omwe facelift siwafika, koma pakhungu lakuda zimasiya mawanga oderapo kapena oyererako omwe amatenga miyezi, mwinanso osatha. Njira yobaya khungu ndi tisingano tambirimbiri ndi yofatsa kuposa izi, ngakhale kuti imafuna kubwerezedwa kangapo. Ndipo amene anabooletsapo khutu n'kutuluka chipsera chotukuka cha keloid aziyamba wanena zimenezo asanakambe china chilichonse, chifukwa mpeni wa facelift umadutsa pakhutu pomwepo.

Pathupi, lamulo n'lomweli, koma poyesera pake ndi zala. Tsinani pamimba kapena m'chiuno. Chikagwirika chochindikala, ndipo mukachisiya khungu n'kubwerera msanga, amenewo ndi mafuta a pansi pa khungu, omwe angachotsedwe. Chikagwirika chopyapyala, chokwinyika, chobwerera mwaulesi, vuto ndi khungu. Mimba ikakhala yotumba koma yolimba, yosatsinika, mafuta ake ali mkati, akuta matumbo, ndipo kumeneko sikufika chida chilichonse chokonzera maonekedwe.

Pa mafuta otsinika, opikisana ndi awiri: liposuction, yomwe ndi kupopa mafuta, ndi njira yoziziritsa. Liposuction yamakono inakhazikitsidwa ndi Yves-Gérard Illouz wa ku Paris chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene anayamba kupopa mafuta ndi kapaipi kobuntha kunsonga, ndipo inakhala yotetezeka kwambiri Jeffrey Klein atabweretsa mu 1987 njira yoyamba kuthira madzi okhala ndi mankhwala a dzanzi ndi ofinya mitsempha, zomwe zinachepetsa kutaya magazi. Imachotsa mafuta ambiri nthawi imodzi ndipo dokotala amatha kuumba thupi monga akufunira, koma munthu amavala chovala chothina usana ndi usiku kwa masabata angapo, ndipo thupi lenileni limaoneka kutupa kukatha, pakapita miyezi itatu kapena kuposerapo. Si njira yochepetsera thupi kapena yochizira matenda: kafukufuku wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2004 anapeza kuti amayi onenepa omwe anachotsedwa mafuta pafupifupi makilogalamu 10 sanasinthe pa nkhani ya shuga, kuthamanga kwa magazi kapena cholesterol.

Njira yoziziritsa, yodziwika ndi dzina la CoolSculpting ndipo inavomerezedwa ndi FDA mu 2010, imatsamira pa mfundo yakuti maselo a mafuta amafa ndi kuzizira khungu lisanavulale. Makina amayamwa nyama yotsinikayo n'kuiziziritsa kwa mphindi 35 mpaka ola limodzi, popanda mpeni kapena kugonekedwa, ndipo thupi limachotsa lokha maselo akufawo m'miyezi iwiri kapena itatu. Ulendo umodzi umachepetsa mafuta a pamalopo ndi 20 kapena 25 pa 100 alionse, choncho ndi yoyenera kamalo kamodzi komwe mafuta akanika kuchoka, osati mimba yonse. Si yopandiratu ngozi monga imatsatsidwira: kwa anthu ochepa mafuta amakula m'malo mochepa, n'kuuma molingana ndi kamwa la makinawo, vuto limene Linda Evangelista, mayi wotchuka poonetsa mafashoni, analengeza mu 2021 kuti linamugwera, ndipo kulikonza kumafuna opaleshoni yomwe munthu ankaithawa ija.

Khungu likakhala lolefuka, monga zimakhalira pambuyo pa uchembere kapena munthu akatsika thupi kwambiri, njira ziwirizi zimangoonjezera vuto, pakuti thumba lokhuthulidwa limakwinyika koposa. Pamenepo pamafunika abdominoplasty, yomwe imadula khungu lotsala, imasoka minofu iwiri ya pamimba ngati inatayana, ndipo mchombo amautulutsira pabowo latsopano. Malipiro ake ndi chipsera chochoka mbali ina ya chiuno kukafika mbali inayo, timapaipi totulutsa madzi kwa masiku angapo, kuyenda chowerama sabata yoyamba, ndi kusanyamula zolemera kwa sabata pafupifupi 6. Mwa maopaleshoni okonza maonekedwe, iyi ili m'gulu la omwe amabweretsa kwambiri kuundana kwa magazi m'miyendo, n'chifukwa chake wodwala amadzutsidwa kuti ayende ngakhale akumva kuwawa, ndipo mayi amene akufunabe kubereka amalangizidwa kudikira.

Yotsala ndi ya matako, yomwe ndi yoopsa kuposa zonse. Pa njira yotchedwa BBL, mafuta opopedwa pamimba ndi m'chiuno amabayidwa m'matako, ndipo akalowa mkati mwa mnofu angathe kulowa m'mitsempha ikuluikulu ya kumeneko n'kukatseka mtima ndi mapapo m'mphindi zochepa. Lipoti la madokotala la mu 2017 linayerekeza kuti imfa zingafike pa munthu mmodzi mwa 3,000, ndipo mu 2018 bungwe la madokotala okonza maonekedwe ku Britain la BAAPS linapempha mamembala ake kuti ayambe aleka, mpaka mu 2022 pamene linalola kuti mafuta aziikidwa pamwamba pa mnofu pokha, dokotala akuona nsonga ya kapaipi pa makina ounikira mkati mwa thupi a ultrasound. Zoikamo za silicone zilibe ngozi imeneyi ndipo ndizo zimatheka kwa munthu wowonda wopanda mafuta okwanira, koma bala lake limakonda kutseguka kapena kulowa tizilombo, ndipo choikamocho chimatha kusuntha. Silicone yamadzi yobayidwa ndi singano siili pa mpikisanowu n'komwe: ndi yosavomerezeka pa ntchito imeneyi, imayenda m'thupi, ndipo siingachotsedwe yonse. Amene wasankha BBL afunse mosapita m'mbali kuti mafuta akaikidwa pamwamba pa mnofu kapena mkati, ngati ultrasound ikhalapo, komanso kuti dokotalayo amachita maopaleshoni angati otere patsiku, ndipo akonzekere kugona chafufumimba, osakhalira matako, kwa sabata zosachepera ziwiri.