Kamera ya 4-d mu Kingdom of Loathing: chida ndi chabwino, koma wogulitsa anandibisira mawu

Ndikulemba ndemanga iyi ndili kuno ku Dedza boma, patatha masiku anayi chigulireni makamera atatu a 4-d mu Mall, msika umene osewera amagulitsana katundu m'masewera a pa intaneti a Kingdom of Loathing, ndipo mtima wanga sunatsikebe ndi munthu amene anandigulitsa. Anzanga amene mumasewera mukudziwa kale kuti ndalama ya m'menemo ndi Meat, ndipo mukudziwanso mmene imavutira kuisonkhanitsa kwa munthu amene amangosewera madzulo akaweruka kuntchito, pa foni, ndi bandulo yochita kuwerengera. Meat imene ndinapereka pa makamera amenewa ndinaisunga kwa milungu iwiri.

Chimene chinandifikitsa kumsikako ndi nkhondo ya pachilumba, yomwe ndi gawo lina la masewerawa. Mlonda wa nsanja ya nyali amafuna migolo isanu ya onga, ndipo migoloyo imapezeka ukagonjetsa chilombo chotchedwa lobsterfrogman, chomwe ndi nkhanu, chule ndi munthu pamodzi, ku gombe la Sonofa Beach. Vuto lake ndi lakuti chilombocho sichionekaoneka. Tsiku loyamba ndinatha maulendo anga onse 40, omwe ndi mipata yosewerera imene masewerawa amapereka patsiku, ndikungoyendayenda pamchenga, ndipo ndinabwerako chimanjamanja. Pamenepo m'pamene ndinaganiza zogula kamera, poti ntchito yake ndi kujambula chilombo mkati mwa ndewu kuti udzamenyane nachonso nthawi ina popanda kukachisaka.

Ndisanagule ndinamulembera uthenga mwini sitoloyo, yemwenso ndi wosewera ngati ife tomwe, ndipo ndinamufunsa mwaulemu kuti, “Achimwene, kodi ndikagula atatu ndingathe kumaliza migolo yonse usiku umodzi?” Iye anayankha msanga kuti zimenezo n'zosavuta, ndigule atatu ndipo ndigona ntchito itatha. Ndinamukhulupirira chifukwa sitolo yake inali yodzaza ndi katundu ndipo ankaoneka kuti ndi mkhalakale pa masewerawa. Mtengo wake sindinauyerekeze n'komwe ndi wa ena, ndipo pambuyo pake ndinapeza kuti masitolo angapo ankagulitsa motsikirapo.

Lachisanu usiku kunkazizira kwambiri, monga mukudziwira Dedza mu Juni, chifunga chitatsika kuchokera kuphiri mpaka kuphimba nyumba za anansi. Ndinakhala pafupi ndi mbaula nditafunda bulangeti, zala zili gwa, ndipo paulendo wa 17 chilombocho chinatulukira. Ndinachijambula, kamera inasanduka yonjenjemera, monga imachitira ikasunga chilombo mkati, kenako ndinachigonjetsa n'kutenga mgolo woyamba. Nditatsegula kamera yonjenjemerayo chilombo chinatulukadi, ndewu inachitika monga mwa masiku onse, ndipo mgolo wachiwiri unalowa m'thumba. Kunena zoona ndinasangalala kwambiri, moti mayi a kunyumba anatulukira kuchipinda kudzafunsa chimene chachitika. Kamerayo inathera pomwepo, pakuti imagwira ntchito kamodzi kokha, koma zimenezo sizinandidetse nkhawa chifukwa ndinali ndi ena awiri.

Ndinabwerera kugombe, ndipo mwamwayi maulendo atatsala ochepa ndinakumana ndi chilombo china, ndinachijambula ndi kamera yachiwiri n'kutenga mgolo wachitatu. Apa m'pamene zinthu zinasokonekera. Nditafuna kutsegula kamerayo, masewera anandikaniza. Ndinayesa kachiwiri, ndinatuluka n'kulowanso, ndinazimitsa foni poganiza kuti mwina ndi netiweki imene imavuta kuno kukachita chifunga, mpaka ndinagulanso bandulo ina pakati pa usiku, koma yankho linali lomwelo. Mnzanga wina wa m'gulu lathu, amene amakhala ku Lizulu, ndi amene anandimasulira kuti kamera yonjenjemera imatsegulidwa imodzi yokha patsiku, ndiponso kuti sungajambule ndi ina pamene uli nayo kale yonjenjemera m'thumba. Lamulo limeneli aliyense wogulitsa makamera amalidziwa, ndipo funso langa linali lomveka bwino, choncho sindingavomereze kuti munthuyo anangoiwala.

Ndinamulemberanso usiku womwewo. Sindinamunyoze, ndinangomukumbutsa mawu ake ndi kumupempha kuti alandire kamera yachitatu andibwezere Meat yanga. Anayankha mawu ochepa okha, akuti ndikadawerenga ndisanagule, ndipo kuchokera apo uthenga wanga sauyankhanso. Chimene chikundiwawa kwambiri si Meat ayi, koma kuti munthu wamkulu anaona kuti mnzake ndi mlendo pa chinthuchi n'kusankha kumudyera masuku pamutu. Ngakhale pamsika wa kachewere pa Bembeke, wogulitsa amene wakuikira zowola pansi pa ndowa amachita manyazi ukabwerera, koma uyu sanaonetse chisoni ngakhale pang'ono.

Komabe ndiyenera kunena chilungamo pa kamerayo payokha, chifukwa cholakwa si chake. Tsiku la masewerawa limasintha cha m'ma 5:30 m'mawa nthawi yathu ino, ndipo Loweruka ndinadzuka nthawi yomweyo kudakali mdima, ndinatsegula kamera ija, chilombo chinatuluka mosavuta ndipo mgolo wachinayi unapezeka madzi a tiyi asanawire. Nditaganiza mofatsa ndinaona kuti malire a kamodzi patsikuwo ali ndi nzeru, pakuti popanda iwo anthu a Meat yambiri akadangogula makamera ochuluka n'kumaliza chilichonse osatuluka thukuta. Masewerawa anayamba mu 2003 ndipo zithunzi zake ndi za anthu a timitengo tokhatokha zojambula pamanja, koma nthabwala zimene amalemba pa chinthu chilichonse, kuphatikizapo kamerayi, zimandichititsa kuwerenga mawu onse m'malo mongodinadina. Chida chimene chimakupulumutsira maulendo khumi kapena kuposerapo pa chilombo chosowa ndi choyenera kukhala nacho, bola udziwe kuti zilombo zikuluzikulu zoyang'anira malo sizijambulika, ndiye usachitayire pamenepo.

Kamerayo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa imatha ukangoigwiritsa ntchito kamodzi pamene mtengo wake si wamasewera. Wogulitsayo sindimupatsa kalikonse. Amene mukufuna kugula, gulani imodzi kaye, muyang'ane mitengo ya masitolo angapo, ndipo wina akakuuzani kuti mutsegula awiri tsiku limodzi musamumvere. Mgolo wachisanu ndinaupeza Lamlungu masana pongoyenda pagombe, moti kamera yachitatu ija idakali m'thumba osagwiritsidwa ntchito, ndipo ndalonjeza kuipereka kwa mnzanga wa ku Lizulu uja akafika pa nkhondo ya pachilumba.