Seti ya mapaipi a petulo a R9: paipi ndi yabwino, koma makilampu ake musawadalire

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. M'bokosi muli mamita 5 a paipi ya 8 mm, mamita 2 a paipi ya 6 mm, makilampu 20 ndi fyuluta imodzi ya pulasitiki. Seti iyi yatha miyezi 8 ili pa galimoto ya petulo ya zaka zoposa 25, ya injini ya injection (yopopera petulo m'injini ndi puresha, yopanda kabureta). Palibe podontha, ndipo fungo la petulo limene linkamveka galimoto ikagona m'garaja linatheratu. Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha makilampu ndi fyuluta, osati paipi.

Choyamba kuyang'ana pa paipi ya petulo ndi zilembo zosindikizidwa pambali pake. Pa iyi palembedwa SAE J30R9 (dzina la muyezo wa mapaipi a petulo, mwachidule R9), kukula kwake ndi nthawi imene inapangidwa, ndipo zilembozo zikubwerezedwa utali wonse. Izi si zokongoletsa. Paipi ya muyezo wa R6 kapena R7 ndi ya puresha yochepa, yosapitirira 50 psi (psi ndi muyezo wa puresha), yoyenera galimoto za kabureta zimene pampu yake imakankha pakati pa 2 ndi 7 psi. Injini ya injection imagwira ntchito pa 35 mpaka 60 psi, ndiye R7 imakhala ili pamalire kapena yapitiriridwa kale. R9 inapangidwira 100 psi. Mukaidula ndi kuyang'ana kukamwa kwake muona zigawo zitatu: kachikopa kopyapyala ka FKM (labala wapadera wosaonongeka ndi petulo) mkati, ulusi wolukidwa pakati, ndi labala wakunja. Kachikopa kameneko ndi kamene mukulipirira. Muyezo wa R7 umalola petulo wokwana magalamu 550 kutuluka ngati mpweya pa sikweya mita iliyonse ya paipi tsiku limodzi, pamene R9 imalola magalamu 15 okha. Nchifukwa chake galimoto imatha kununkha petulo popanda dontho limodzi pansi.

Mapaipi akale amafa m'njira ziwiri. Kunja, kutentha kwa injini kumaumitsa labala mpaka kuchita ming'alu, makamaka pamene papindika ndi pansi pa kilampu. Mkati, petulo wosakaniza ndi ethanol, monga E10 (wokhala ndi ethanol 10 peresenti), amatupitsa labala wamtundu wakale, kenako akauma amayamba kusenda tizidutswa takuda. Tizidutswa timeneto tikafika pa kavavu ka singano ka kabureta, sikatsekanso bwino ndipo petulo amasefukira pa injini yotentha. Oipitsitsa ndi mapaipi aja okutidwa ndi nsalu kunja: nsalu imaoneka yabwinobwino pamene labala wapansi wang'ambikang'ambika. Kuti mudziwe, pindani paipi ndi zala. Ikatsegula timing'alu, ikauma gwa ngati mtengo, kapena ikafewa nkumamata, yatha ntchito. Ndipo imodzi ikafika pamenepo, zinzake za msinkhu womwewo zili m'njira. Sinthani zonse nthawi imodzi.

Tsopano makilampu. Amene ali m'bokosi ndi aja okhala ndi timipata pa lamba wake, olembedwa 10 mpaka 16 mm. Pa paipi yaing'ono ngati iyi samanga mozungulira bwino. Pansi pa sikuluwu pamakhala pophwatalala, ndiye mbali ina yafinyidwa kwambiri, ina yatsala ndi kampata. Komanso mukamanga, labala amatulukira m'timipata tija nkudulidwa ngati ndi mpeni. Awiri mwa makilampuwa anaphonya mano asanagwire nkomwe. Gulani padera makilampu a injection, osalala mkati, a m'mbali mopindidwira kunja, omangidwa ndi bauti ndi nati. Paipi ya 8 mm ya seti iyi ndi yokwana pafupifupi 14.5 mm kunja, ndiye kilampu ya 13 mpaka 15 mm ikukwana ndendende. Ya 6 mm ikufuna 11 mpaka 13 mm. Kilampu yaikulu kuposa paipi sigwira ngakhale muimange bwanji.

Fyuluta ya pulasitiki yoonekera mkati ndi ya kabureta basi. Kuiika pakati pa pampu ya injection ndi injini nkuitana moto, chifukwa ikhoza kuphulika pamsoko. Wogulitsa sanalembe chenjezo limeneli paliponse, ndipo kuika chinthu chotere m'bokosi limodzi ndi paipi ya 100 psi nkusocheretsa anthu. Pa injection pamafunika fyuluta yachitsulo ya galimoto imeneyo, muvi wake woloza ku injini.

Kagwiridwe ka ntchito. Injini izizire kaye, ndipo galimoto ikhale panja kapena pomwe mphepo ikudutsa. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umatsikira pansi nkudikha m'dzenje kapena pansi pa galimoto, pamene inu mwagona. Fodya, girayinda, nyale ya babu yotentha, zonsezi kutali, ndipo chozimira moto cha ufa chikhale poti mutha kuchigwira. Ngati mwakweza galimoto, ikhale pa masitandi, osati pa jeki yokha. Thanki ikakhala ndi petulo wochepa, wosakwana kota, ntchito imaphweka.

Pa injection, yambani ndi kuchotsa puresha. Zulani fyuzi kapena rile ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, kenako yesani kuiliza masekondi ochepa. Mukatero masulani waya wa negetivu ku batire ndi kutsegula chotsekera thanki. Ngakhale mwachita zonsezi, kutani ndi kansalu polumikiza poyamba musanamasule, pamatsalabe petulo wolasa m'maso.

Musazule mapaipi onse kamodzi. Chotsani imodzi, yezerani yatsopano pa yakale, ikani, kenako pitani pa ina. Wopita ku injini ndi wobwerera ku thanki amafanana, ndipo mukawasinthanitsa injini siliza. Paipi yakale ikakakamira, musaikoke ndi pulayazi. Paipi yachitsulo ya zaka zambiri imakhala yadyedwa ndi dzimbiri ndipo imapotoka, pamene kamlomo ka pulasitiki ka pampu kamathyoka. Ng'ambani labala m'litali ndi mpeni wakuthwa, mosamala kuti mpeni usalembe chitsulo, chifukwa kamzere kameneko kadzakhala njira ya petulo. Pukutani chitsulocho, ndipo ngati chili ndi timaenje ta dzimbiri, nacho chisinthidwe. Paipi yatsopano sitseka chitsulo chowola.

Dulani molunjika, osati mopendeketsa, nkuwonjezera 1 kapena 2 cm pa paipi yochoka ku thupi la galimoto kupita ku injini, poti injini imagwedezeka. R9 iyi ndi yolimba kuposa R7 ndipo imavuta kulowa. Dontho la petulo kapena la oyilo woyera pa kamlomo limathandiza, girisi ayi. Ilowe mpaka ipitirire kamfundo kotupa ka kumapeto kwa chitsulo ndi 2 cm kapena kuposa. Kilampu ikhale kuseri kwa kamfundoko, osati pamwamba pake, ndipo kumapeto kwa paipi kutsale pafupifupi 5 mm. Mangani mpaka paipi isiye kupotoka ndi dzanja. Mukaona labala akutupa m'mbali mwa kilampu, mwapitiriza.

Kulimba komweko ndiye vuto lina la paipi iyi. Pa ngodya yakuthwa imapindika nkutseka njira, ndipo galimoto imatha mphamvu pokwera mtunda. Ipatseni malo okhota pang'onopang'ono, kapena gulani paipi youmbidwa kale pa malo amenewo. Isakhudze ekizozi, shafuti ya chiwongolero kapena m'mbali mwakuthwa mwa chitsulo, ndipo ibwerere m'timakilipu take tonse.

Mukamaliza, bwezerani fyuzi ndi batire, tembenuzani kiyi katatu osaliza injini kuti pampu idzaze mapaipi, ndipo pitani polumikiza paliponse ndi pepala louma loyera. Pepala limaonetsa chinyontho chimene diso siliona. Lizani injini, yang'ananinso, ndipo pakatha sabata yesani makilampu onse. Pa galimoto iyi atatu anafuna kuwonjezera pang'ono labala atakhazikika.

Pali malo atatu amene seti iyi sikwana, ngakhale wogulitsa akuti ndi ya galimoto yonse. Mkati mwa thanki, pa kapaipi kolumikiza pampu, pamafunika R10, chifukwa labala wakunja wa R9 sanapangidwire kumira m'petulo ndipo amatupa nkufewa. Paipi yaikulu yothirira petulo ndi ya kukula kwina, ndipo nayo imakonda kung'ambika pansi nkumadontha thanki ikadzaza. Mapaipi a nayiloni olumikiza mongodina safuna kilampu, musawadule nkulowetsapo labala.

Mamita 5 a 8 mm anakwanira paipi yopita ndi yobwerera, nkutsala pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ya 6 mm inakwanira timapaipi totulutsa mpweya wa thanki ndendende, popanda mpata wolakwitsa podula. Patatha miyezi 8, chidutswa choyandikira ekizozi chikupindikabe popanda mng'alu ndipo zilembo zake zikuwerengeka. Paipiyi ndingaigulenso, limodzi ndi makilampu a injection ndi fyuluta yachitsulo zogulidwa padera.