Kutsogolo, pakati kapena kumbuyo: tikhale pati pa roller coaster?

Ife a ku Johannesburg tikatenga alendo ochokera kumudzi kupita nawo ku Gold Reef City, paki ya masewera osangalatsa, funsoli limabuka tili pamzere wa Anaconda, imodzi mwa ma roller coaster ake, sitima zamasewera zothamanga panjanji yokwera, yotsika ndi yokhotakhota. Ambiri amayesa mpando ndi mpando basi. Ayi ndithu. Mabogi onse ndi olumikizana ndipo amathamanga liwiro limodzi, koma safika pamwamba pa chitunda nthawi imodzi. Kusiyana konse kwagona pamenepo.

Wakutsogolo amadutsa pansonga sitima ikadali pang'onopang'ono, chifukwa mabogi akumbuyo akukwerabe. Ndiye umalendewera kaye, maso ali pansi, mtima uli thi thi thi, kenako mphepo n'kukuwomba kumaso mpaka misozi. Pa Anaconda, imene inatsegulidwa mu 1999, mpando umenewu ndi wofunika kuposa pena paliponse. Njanji yake ili pamwamba pa mutu, mipando ikulendewera m'munsi, miyendo ili lende m'malere. Ukakhala mzere wachiwiri kapena wachitatu, chimene ukuona ndi msana wa mpando ndi nsapato za mnzako. Wakutsogolo yekha ndiye amaona nthaka ikutembenuka. Ine pamenepo ndimalolera kudikira, ngakhale ena andipitirire.

Kumbuyo n'kwa amene akufuna mphamvu, osati zoona ndi maso. Pamene bogi yomaliza ikufika pansonga, zinzake zatsetsereka kale ndipo zikuikoka mwaliwiro. Thupi limadzuka pampando, chotchinga cha pamapewa chokha n'chimene chakugwira, m'mimba kuti myuu. Pokhota napo umakhala ngati nsonga ya chikwapu. Mlamu wanga, amene samva za mpando wina koma womalizawu, amatsika miyendo ikunjenjemera koma akuseka. Komabe ngati khosi kapena msana umakuvutani, kumbuyo kusiyeni, ndipo werengani kaye chikwangwani cha machenjezo pakhomo.

Pakati anthu amapapeputsa, koma ndi pamene sitima imayenda mofatsirako, yosakoka kwambiri, yosalendewera nthawi yaitali. Mwana amene wangokwana kumene msinkhu wololedwa, kapena mlendo amene akukwera koyamba, ndimamukhazika pamenepo, ine pambali pake. Akatsika alibe nseru, amapempha yekha kubwereza.

Golden Loop, roller coaster ina m'paki yomweyo, imasokoneza zonsezi. Imakuponyani kutsogolo, kuzungulira mutu pansi, kukwera njanji yothera m'mwamba, kenako n'kubwerera chafutambuyo njira yomweyo mpaka kukwera njanji ina yothera m'mwamba mbali inayo. Popita, wakutsogolo ndiye amakwera pamwamba kuposa onse. Pobwerera, wakumbuyo ndiye akutsogolera, osaona kumene akupita, ndipo ndi iyeyo amene amafika pamwamba penipeni pa njanji ya mbali inayo. Ameneyo ndiye mpando umene ndimasankha pa Golden Loop, koma ndisanadye nkhomaliro.