Bokosi lopanda asidi losungiramo nthenga za mwambo wa Tinguian

Bokosi la katoni yopanda asidi, lomwe amagulitsa kwa osunga zinthu zakale, ndaliyesa ndi nthenga zomangirira pa timitengo pofuna kuona ngati lingayenere igam, chovala cha kumutu cha anthu a mtundu wa Tinguian, omwe amatchedwanso Itneg, a m'chigawo cha Abra kumpoto kwa chilumba cha Luzon ku Philippines. Igam ndi nthenga zodulidwa mano m'mbali, kawirikawiri zokhala ndi ulusi wamitundu kunsonga, zomwe amazisomeka m'tsitsi pa miyambo ya Pala-an ndi Sayang pofuna kukondweretsa mizimu ya kum'mawa yotchedwa Idadaya, monga analembera Fay-Cooper Cole wa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Field Museum ku Chicago mu 1922.

Pa nkhani yoteteza maonekedwe a nthenga, bokosili ndi loyamikika kwambiri. Ndi lalitali mokwanira kuti kamtengo kagone osakhudza m'mbali, ndipo pepala lofewa lomwe limabwera nalo, mukalipinda n'kuliika pansi pa kamtengoko, limanyamula nthenga m'mwamba kotero kuti mano odulidwa aja sapindika kapena kunyenyeka. Chivindikiro chake chimatseka bwino, kuwala sikulowa, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa dzuwa limasulutsa msanga ulusi wonika.

Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri amaligula poganiza kuti lithetsa mavuto onse, pomwe adani enieni a nthenga ndi njenjete, tizirombo tina todya ubweya, ndi chinyezi. Katoni imayamwa chinyezi, ndipo kudera ngati Abra, komwe mvula imagwa yambiri kwa miyezi ingapo, chuku chingamere m'kati chivindikiro chili chitsekere. Wogula ayenera kuikamo timapaketi ta silica gel (timibulu toyamwa chinyezi) n'kumatisintha, komanso nthenga zokayikitsa azikulunge m'pulasitiki n'kuziika mufiriji yozizira kufika pa -20°C kwa sabata yathunthu asanazisunge, apo ayi akhala atatsekera mazira a njenjete pamodzi ndi chakudya chawo.

Kapepala kolembapo komwe amamata kunja nakonso n'kochepa kwambiri. Chinthu chomwe chinavalidwa pa Sayang, mwambo womwe Cole analemba kuti unkatenga masiku 17 kwa mabanja omwe anaulandira kuchokera kwa makolo, chimafunika malo olembapo banja, mudzi ndi mwambo wake. Ndikulangiza kugula bokosili, koma mugulirenso silica gel ndi khadi lalikulu loika m'kati.