Domeni yongokhala: Sedo, Afternic kapena kugulitsana nokha?

Anzanga angapo amene anathamangira kugula domeni (dzina la webusaiti, monga lothera ndi .com) bizinesi isanayambe akhala akundifunsa funso limodzimodzi: bizinesi ija inakanika, dzina likungodya madola chaka ndi chaka, ndiligulitse kuti? Funsoli lakula kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu November 2023, poti .com imalipiridwa m'madola, ndipo kuti khadi ya kubanki ilole kulipira kunja masiku ano ndi ntchito ina payokha.

Pa za mtengo sindichedwapo. Makina oyerekeza mtengo, monga a GoDaddy (kampani yolembetsa madomeni) ndi EstiBot, amakupatsani nambala nthawi yomweyo, koma palibe amene walonjeza kulipira nambalayo. Pitani pa webusaiti ya NameBio mukaone mayina ofanana ndi lanu amene anagulidwadi, ndi ndalama zake. Nkhani yoti voice.com inagulidwa madola 30 miliyoni mu 2019 ndi yoona, koma yasokoneza anthu mitu. Dzina la mawu atatu lokhala ndi kamzere pakati likapeza madola mazana angapo, thokozani.

Misika ikuluikulu yogulitsirapo madomeni pa intaneti ndi iwiri. Sedo ndi ya ku Cologne, ku Germany, ndipo imakoka kwambiri ogula a ku Ulaya, makamaka pa mayina a mayiko monga .de ya Germany. Afternic ndi ya GoDaddy kuyambira 2013, ndipo mphamvu yake ndi yoti dzina lanu limaonekera pamene munthu akufufuza domeni kwa makampani ambiri olembetsa mayina. Pa .com, Afternic imafikira anthu ambiri, izi sindikana. Kuika dzina pa misika yonse iwiri kuti ligulitsidwe ndi kwaulere.

Pamene pamandiwawa ndi pa komishoni. Kale tinali ndi Dan.com, kampani ya ku Netherlands imene inkadula 9% basi, tsamba lake loyera, wogula akutha kulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. GoDaddy inaigula mu 2022. Mu 2023 komishoni pa Dan ndi Afternic inasintha: 15% ngati nameserver ya domeni yanu (imene imauza intaneti kumene dzinalo likutsegukira) yaloza kwa iwo, 25% ngati yaloza kwina. Kenako Dan inatsekedwa. Ndimaisowabe mpaka lero, ndipo mudziwiretu kuti zimenezi zimandikokera mbali ndikamaweruza. Sedo imadula pakati pa 10% ndi 20% malinga ndi njira imene wogula wadzera. Mitengoyi imasinthasintha, choncho muwerenge tsamba lawo tsiku lolembetsa.

Tawerengani nokha. Dzina lagulidwa madola 1,000, msika watengapo 250 chifukwa choti simunasinthe nameserver. Zotsalazo zikamabwera ku akaunti yanu, mabanki a panjira nawonso amabudulapo. Komishoni yotere ndi yomveka ngati msikawo wakupezerani munthu amene simukanamupeza. Koma nthawi zambiri wogula domeni ya munthu wamba ndi mwini bizinesi amene analemba dzinalo pa foni yake, n'kuona kuti lili ndi mwini, n'kufunafuna imelo yanu. Munthu wabwera yekha pakhomo panu, ndiye mukumulipiriranji dobadoba?

Apa ndi pamene njira yachitatu imapambana: kukambirana nokha, ndalama n'kudzera pa Escrow.com, kampani yosunga ndalama mpaka malonda atatha. Wogula amatumiza ndalama kwa iwo, iwo amakuuzani kuti zafika, inu mumapereka domeni, wogula akatsimikiza kuti wailandira ndiye ndalama zimabwera kwa inu. Malipiro awo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi komishoni ya misika, ndipo mungagwirizane kuti alipire wogula kapena mugawane pakati. Dziwani kuti ali ndi malipiro oyambira amene satsika, moti pa dzina la madola 100 phindu la njirayi limachepa. Adzafunanso chiphaso chanu, ndiye tsegulani akaunti wogula asanatope kudikira.

Njirayi ili ndi minga yake. Mnzanga wina analandira imelo yaulemu kwambiri kuchokera kwa munthu wodzitcha woimira kampani ina, akulonjeza madola masauzande pa dzina limene palibe anali atalifunsapo. Sananenerere mtengo ngakhale pang'ono. Anangopempha chinthu chimodzi: satifiketi ya mtengo wa domeniyo, yochokera pa webusaiti imene iye anatchula, yolipira wogulitsa. Mnzangayo analipira ndi madola amene anavutikira kuwapeza, satifiketi inabwera, wogula uja anazimiririka. Webusaitiyo inali ya akuba omwewo. Zinandipweteka chifukwa ndi munthu wochenjera, anangokodwa ndi chimwemwe. Wogula weniweni amanenerera, amadandaula kuti mwakweza, ndipo sakutumani kukagula pepala.

Pokambirana, lolani wogula ayambe kutchula ndalama, ndipo musayankhe mphindi yomweyo. Ngati dzinalo likufanana ndi chizindikiro cha malonda cha kampani ina, musawalembere kuti agule. Pa malamulo a UDRP othetsera mikangano ya madomeni, amene milandu yake yambiri imamvedwa ndi bungwe la WIPO ku Geneva, kalata yotero ikhoza kukhala umboni woti munalembetsa dzinalo ndi cholinga choipa, n'kulandidwa osalandira tambala.

Kusamutsa ndi kosavuta mukadziwa zinthu ziwiri. Ngati nonse muli kwa kampani imodzi yolembetsa mayina, domeni imangokankhidwa kuchoka pa akaunti yanu kupita pa yake, mwachangu ndiponso nthawi zambiri kwaulere. Ngati ikupita kwa kampani ina, mumaitsegula loko n'kupereka auth code (nambala yachinsinsi yosamutsira domeni), ndipo zimatha kutenga masiku asanu. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amalola kuti domeni itsekedwe masiku 60 ikangolembetsedwa kapena kusamutsidwa, ndipo kusintha dzina kapena imelo ya mwini kungabweretsenso loko yomweyo. Musakhudze zimenezo malonda ali pakati. Mayina a .mw ali ndi ndondomeko yawoyawo kudzera ku Malawi SDNP, bungwe lowayang'anira.

Anzanga aja ndimawauza kuti aike .com yawo pa Afternic ndi mtengo wokhazikika, nameserver italoza konko kuti asadulidwe zambiri, ndipo pa Sedo asaike mtengo wokhazikika, azingolandira mitengo imene ogula atchula, kuopa kuti dzina limodzi lingagulidwe kawiri. Koma wina akakulemberani yekha, chotsani dzinalo pamisika, pitani pa Escrow.com, ndipo auth code musaitulutse mpaka mutalowa mu akaunti yanu n'kuona nokha kuti ndalama zafika.